Kachingwe Kofiira ka Mayi Pisira

Msewu wonse unkawatcha Mayi Pisira. Akakhala pa makina awo osokera pakhonde la shopu, munthu sankadutsa malaya ali panja osadzudzulidwa. Kaulusi kolendewera kankawasowetsa mtendere. Anthu ankachita kunena kuti ngakhale malemu amuna awo ankagona atapisira.

Mwana wawo wamkazi ankaphunzitsa anthu kupalasa kayaki, kabwato kowonda ka munthu mmodzi. Masiketi a timabwatoto ankasoka ndi mayiwo: nsalu yolimba yovala m'chiuno, imene amaikunga pakamwa pa bwato kuti madzi asalowe. Anasoka ambirimbiri, koma iwo eni ake sanakwerepo kayaki. Mwanayo atapeza ntchito kutali, mtima unawapweteka. Ankafuna kupalasa naye pamtsinje, kamodzi kokha, asanasamuke.

"Mtsinje simuuona, Amayi," anatero mwanayo, "mpaka mutatembenuzika m'dziwe losambiramo n'kudzitulutsa nokha."

Loweruka, kudziweko, mayiwo anakhala m'kabwato n'kukunga siketi bwinobwino. Kutsogolo kwake kunkalendewera kachingwe kofiira kokokera pochotsa siketiyo. Dzanja linangopita lokha, n'kukapisira mkati.

"Amayi! Mwabisa chiyani?"

"Kakunyansa, iwe."

"Kanyanse choncho! Mutu ukakhala pansi pa madzi mukoka chiyani? Tulutsani."

Anakatulutsa akung'ung'udza. Mwanayo anawabwerezera: awerame, apapase mkombero mpaka apeze kachingwe, akakankhire kutsogolo n'kukoka, kenako agwire m'mbali n'kulivula bwatolo ngati buluku.

Atatero, mwanayo analitembenuza bwatolo. Madzi anathamangira m'mphuno, ndipo mantha anawagwira zenizeni. Miyendo inkafuna kuphiriphitha. Koma zala zozolowera kulondola msoko zinayenda mumkombero, ndipo kachingwe kaja kanali pompo, panja. Anakoka, siketi inamasuka, iwo n'kutumphuka akutsokomola, wigi ikuyandama payokha.

"Ndatuluka ndekha! Wandiona iwe?"

Mwanayo anaseka mpaka misozi, n'kuwakumbatira m'madzi momwemo. "Mawa mtsinje, Amayi."

M'mawa mwake anapalasa moyandikana, mayi akupita chokhotakhota koma akuimba mokweza, osangalala kwabasi. Pokhota mtsinje anasendeza kabwato kawo kufupi, n'kutambasula dzanja pa siketi ya mwanayo. Iye anaganiza kuti matenda opisira aja ayambanso. Koma mayi anangokagwira kachingweko, n'kukagoneka poonekera.

"Kumene ukupitako ine kulibe," anatero. "Aka kazikhala panja, wamva?"