Mzinda wanu udakali wozingidwa, ba Chanda

Ba Chanda, mkulu wanga, lero ku ntchito ku Kamwala mnzanga wandionetsa gemu yakale ija ya nkhondo ya pa kompyuta, yosewera mosinthana. Waipeza kwa ogulitsa zinthu zakale. Akuti, "Iwe unasewerako, nigule olo ni yolemetsa?" Ndamuuza kuti ndimuyankha mawa. Ndakumbuka Loweruka lija ku Kalingalinga, mutangoweruka ku ukalipentala, utuchi uli m'tsitsi. Ndinali nditangozinga mzinda wanu ndi asilikali anga, magetsi n'kuzima. Ine ndinayamba kukalipa, inu mukungoseka. "Gemu nasunga kudala, mwana. Iyi ndiye gemu ya mu komboni. Siithamangitsa munthu, malaiti akayenda imayembekeza." Tinakhala panja, inu mukujambula pansi ndi msomali mmene mudzandigonjetsere. Magetsi sanabwere tsiku limenelo, ndipo sabata yotsatira munagonekedwa m'chipatala, osabwererako.

Mawa ndikamuuza zoona. Zithunzi zake n'zachikale, malamulo ake ndi ambiri, ndipo masiku oyamba adzagonja mpaka kunyansidwa. Agule ndithu, koma ayambe wapeza munthu wosewera naye, chifukwa payekha idzamulemetsa. Ine ndalema, ba Chanda. Kompyuta yanu ndimaiyatsabe magetsi akakhalapo, n'kumangoyang'ana. Mzinda wanu udakali wozingidwa, ndipo gemu ikunena kuti wosuntha ndi inu. Asilikali anu sindinawakhudze. Papita chaka tsopano, ndipo ine ndinasuntha kale.