Buku la mpunga limene ndinabwereka a Namakhwa

Buku lililonse ndikagula ndimalikuta. Ndi chizolowezi cha ku sekondale, kumene buku lopanda chikuto linkakudyetsa rula m'manja. Masiku ano ndimakutira pepala la khaki la m'matumba a simenti. Ndimapinda m'makona bwinobwino, n'kumata. Pamwamba sindinkalembapo dzina la buku. Chifukwa chake muchimva.

Lamlungu lapitali titaweruka kutchalitchi, a Namakhwa anandiperekeza mpaka kunyumba akukankha njinga yawo. A Namakhwa ndi mkulu wa mpingo wathu, amakhala cha ku Mkhumba. Ndi munthu woti akaseka, anthu amafunsana kuti kwagwanji. Chaka chino akufuna kuyesa mpunga kudambo kwawo.

"Paja munati muli ndi buku la ulimi wa mpunga," anatero.

Ndili nalodi. Ndinaligula zaka zitatu zapitazo pa Chiringa, kwa bambo wina amene amayala mabuku akale pachiguduli tsiku la msika. Kuliwerenga kokha ndiye ayi. Koma pakamwa panga panatuluka zina.

"Buku labwino kwambiri limenelo. Ine zonse za m'menemo ndimatsatira. Mayi akunyumba angakuuzeni."

Kandimverere adakanena za m'maluwa. Ine ndiye sindinatumidwe n'komwe.

Tsono kunyumba kwanga mabuku ali milu iwiri. Mulu woyamba umakhala pakabati pabalaza, pamene mlendo aliyense amauona: la mpunga lija, la mbiri ya dziko, la kawetedwe ka nkhuku, ndi ena okhuthala amene ndimati ndidzawerenga ndikapeza mpata. Mulu wachiwiri umakhala m'katoni kunsi kwa bedi. Umenewo ndi wa nkhani zachikondi ndi timabuku ta zithunzi, tija anthu ake amayankhula m'timabaluni pamwamba pa mutu. A m'katoni onse ndinawawerenga, ena kawiri. A pakabati, fumbi ndiye limawadziwa.

Mwatsoka, sabata imeneyo mayi akunyumba anapeza chiswe kuseri kwa kabati, ndipo anasonkhanitsa mabuku onse, a pabalaza ndi a kuchipinda, n'kuwaunjika patebulo. Onse khaki. Onse opanda dzina. Ndinasankha potengera kukhuthala, n'kuika m'jumbo. A Namakhwa anamanga jumbolo pakaliyala ndi chingwe cha labala, ulendo wa ku Mkhumba.

Lolemba m'mawa ndikubwezeretsa mabuku pakabati, ndinatsegula limodzi. Chithunzi cha mbande za mpunga chinandiyang'ana.

Ndinafufuza a m'katoni aja. Losowa linali limodzi: nkhani ya mtsikana wosoka zovala amene akufunidwa ndi amuna awiri, wina mwini hotelo, wina wokonza maboti.

Likanakhala buku chabe, ndikanati ndi la mlamu wanga. Koma ine ndili ndi vuto lina. Ndikamawerenga ndimagwira pensulo. M'mbali mwa masamba ndimalemba ndemanga: "Usamukhulupirire ameneyu." "Bwanji osangomuuza?" Pomaliza ndimapereka malikisi ngati mphunzitsi. Bukuli ndinalipatsa asanu ndi atatu pa khumi, n'kuonjezera kuti, "Mutu 12 wandikhetsa misozi." Ndipo a Namakhwa kalembedwe kanga amakadziwa, poti ndine mlembi wa bungwe la abambo.

Mayi akunyumba nditawauza, anakhala pansi kuti aseke bwino.

"Ndiye mwati zonse za m'menemo mumatsatira?"

"Ndinatero."

"Ndipo ine ndichitire umboni? Wokonza maboti uja anamutengera mtsikana maluwa mvula ikugwa. Inu chija munanditengera ndi chitsulo cha mbaula."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti katoni ija sindimaiwerenga ndekha.

Masiku atatu ndinayenda ngati munthu wodikira mlandu. Kodi adzazitchula pamsonkhano wa abambo? Kodi adzanditumizira anthu awiri odzandichezera mwauzimu? Munthu wa imvi, wowerenga mawu kutsogolo Lamlungu, akulira chifukwa cha telala wa m'buku?

Lachinayi m'mawa belu la njinga linalira pakhomo. A Namakhwa anakhala pampando, chipewa pabondo, jumbo lija m'manja. Tinapatsana moni. Anafunsa za chiswe. Ndinayankha za chiswe. Kenako anaika buku patebulo.

"Mpunga mulibemo," anatero.

"Ndinalakwitsa, akulu. Pepani."

"Ndinaona." Anatsegula tsamba lomaliza. "Koma malikisi anu ndakana. Asanu ndi atatu achuluka."

Ndinawayang'ana.

"Mtsikanayu anachedwa kusankha. Mapanga awiri avumbwitsa. Masamba onse aja kuzunza mnyamata wa maboti, munthu wogwira ntchito ndi manja ake? Ine ndapereka asanu ndi limodzi. Mayi akunyumba kwanga akuti khumi, koma iwo chifundo chinawachulukira kale."

"Nawonso awerenga?"

"Maso awo savomera zilembo zing'onozing'ono. Ndimawawerengera pakhonde, n'kumawamasulira. Dzulo ndiwo zapserera pa mutu 12." Anatsokomola. "Kumapetoko alemba kuti nkhani ya mchemwali wake ili m'buku lina. Muli nalo?"

Ndinali nalo. Analitenga pamodzi ndi la mpunga lenileni, limene ulendo uno analitsegula kaye asanamange pakaliyala. Pachipata anatembenuka.

"Izi si za pamsonkhano."

"Ayi, akulu."

N'chifukwa chake dzina ndalemba panoli si lawo. Iwo akudzidziwa.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa: kodi abambofe tikubisa chiyani? Timadandaula kuti anthu masiku ano sawerenga. Koma bambo wa pachiguduli uja anandiuzapo kuti mabuku achikondi sagona. Amene amagula ndani? Akuti ambiri amayamba atola buku lokhuthala, kulitembenuza uku ndi uku, kulibweza, kenako n'kunena chapansipansi kuti, "Ndipatseni aka, mwana wanga wamkazi amakonda timabuku totere." Ine mawu amenewa ndawanenapo. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa kalekale, ali ku Blantyre.

Timaika poyera zimene sitiwerenga, n'kubisa zimene timawerenga. Ndiye mwana akamakula akuona buku likungokhala pakabati ngati mbale za alendo, adzadziwa bwanji kuti buku limakoma?

Sindikunena kuti nkhani zachikondi zonse n'zabwino. Zina n'zopanda mchere. Pali lina ndinalipatsa awiri pa khumi, chifukwa mnyamata wake ankangokalipa kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, mtsikana n'kumati ndicho chikondi. Limenelo sindingabwereke munthu. Ta zithunzi natonso tilipo tojambulidwa mwaulesi, nkhope zonse ngati za munthu mmodzi. Koma chabwino ndi choipa umachidziwa utawerenga. La mpunga lija ndinalitama ndisanaone ngakhale tsamba lachiwiri, ndipo bodza limenelo ndi limene likanayenera kundichititsa manyazi, osati misozi ya pa mutu 12.

Ndiye ndakonza zinthu pang'ono. Mulu tsopano ndi umodzi, pakabati, ndipo buku lililonse ndalilemba dzina pachikuto. Ndadziikiranso lamulo: pa Chiringa sindigula lina mpaka nditamaliza limodzi mwa okhuthala aja. Ndayamba ndi la nkhuku. Ndili pa tsamba 9, ndipo mpaka pano palibe wafunsira mnzake.

Nanga inu, mlendo atatola buku lililonse m'nyumba mwanu n'kumanga pakaliyala, mungagone tulo?