Chigamba cha M'diso Langa Lakumanzere

Zinayamba nthawi yokolola, kumunda kwathu kufupi ndi Magomero. Tsamba louma la chimanga linandikwapula m'diso lakumanzere, ine n'kungotikita ndi nsonga ya chitenje, ntchito n'kumapitirira. Sabata isanathe diso linafiira, misozi osaleka, dzuwa likumandilasa ngati singano. Kenako pakati pa diso panaoneka kadontho koyera.

Kuchipatala chathu chaching'ono anandipatsa mankhwala odontheza, koma chilonda chinali chitazama kale. Ananditumiza ku Blantyre, amuna anga atandigwira dzanja m'minibasi chifukwa sindinkatha kutsegula maso.

Ndinagonekedwa milungu ingapo. Anamwino ankabwera ola lililonse kudzadontheza mankhwala, osatopa, osakalipa. M'mawa uliwonse tinkakhala pabenchi kudikira kuunikidwa. Tsiku lina adokotala, mayi wofatsa, anandiuza kuti kachikopa koonekera ka pamwamba pa diso langa katsala pang'ono kubooka. Panafunika kusokapo chigamba chochokera m'diso la munthu amene asanamwalire anavomera kuthandiza ena.

Ndinachita mantha. Ndinafunsa kuti kanthu kanthete chotero kamasungika bwanji osawola.

"Sitingangokaponya m'firiji ngati nyama, mayi," iwo anatero. "Madzi a m'kati mwake akaundana amasanduka timiyala takuthwa tong'amba kachikopako. Ndiye osunga amayamba akaviika m'mankhwala oteteza. Koma mankhwalawo akachuluka nawonso amawononga. Kamene tili nako kasungidwa nthawi yaitali, sikadzaonekera bwino ngati galasi. Ntchito yake n'kutseka chiboo kuti diso lisachotsedwe."

Sanandinamize, ndipo n'chifukwa chake ndinavomera. Ndili chigonere pambuyo pa opaleshoni, ndinkaganiza za mwini diso uja, ndi za manja osadziwika amene anayeza mankhwalawo mosamala chotero, kusungira mlimi wa ku Chiradzulu yemwe sadzamuona n'komwe.

Ulusi anauchotsa pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri. Lero ululu unatha. Diso limeneli limangoona kuwala ndi zithunzithunzi, koma lilipo, ndipo lakumanja likugwira ntchito bwino. Ndinayambiranso kulima ndi kuimba kwaya.

Anzanga, kanthu kakakulasani m'diso, musadikire kuti muone mmene kuchere, ndiponso musafinyiremo masamba. Siyani khasu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimanga chikhoza kudikira m'munda, koma chilonda cha m'diso sichidikira munthu.