Amayi a Simbi ndi Manda a Kumpanda

Sabata yatha tinaika m'manda mayi amene tonse tinkawatchula kuti Amayi a Simbi. Andipempha kuti ndilembe za moyo wawo m'kalata ya parishi ino, ndipo ndilemba, koma musayembekeze kuti ndikunyengererani. Mtima ukundiwawabe.

Anabadwira m'banja losauka. Mayi awo ankachapira anthu zovala, ndipo iwo anaphunzira kugwira simbi ya makala asanadziwe kulemba dzina lawo. Atakwatiwa ndi mlonda wa pa fakitale, anadzipereka kuchapa ndi kusita nsalu za pa guwa ndi mikanjo ya ansembe. Ankakonda kunena moseka kuti tchimo Mulungu amakhululuka, koma makwinya pa guwa ndi ulesi basi. Amuna awo anamwalira msanga, n'kuwasiyira ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna.

Wamwamunayo ndiye anali mtanda wawo. Anakula n'kukhala makaniko waluso, koma mowa unamulowerera, kupemphera n'kusiya. Lamulungu lina anafika pa geti la tchalitchi ataledzera, anthu akutuluka mu Misa, n'kuyamba kutukwana Mulungu kuti ngati aliko abwere adzamugwire. Sabata isanathe, jeke inatsetsereka ku galaja, galimoto n'kumupsinja. Anafera pomwepo.

Apa ndi pamene akhristu a pano munaonetsa ukatswiri wanu. Mtembo usanazizire munali mutagamula kale mlandu. Bambo mfumu anali paulendo, ndiye wapampando wa komiti anati munthu wotere sayenera mapemphero. A kwaya munapezeka kuti nonse mwatanganidwa tsiku limodzi. Bokosi ananyamula ndi anzake a ku galaja, ali m'maovolo a girisi.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma mayi wina, akuthandizana nawo kupinda nsalu, anawalangiza mwachikondi kuti asamawononge kolona pa mwana uja, poti ali ku gehena, ndipo wa kumeneko wasiyana ndi Mulungu mpaka kalekale. Taganizani, kumuuza zimenezo mayi amene maso sanaume n'komwe!

Amayi a Simbi anadikira kuti bambo mfumu abwere ku ulendo, n'kuwafunsa ali chiimire ndi mkanjo m'manja: "Bambo, munthu wa ku gehena angadzafikenso kwa Mulungu?"

Wansembeyo sanawanamize. Anati Mpingo umaphunzitsa kuti amene ali kumeneko wapatukana ndi Mulungu kosatha, koma sunatchulepo dzina la munthu aliyense kuti alikodi, ndipo palibe akudziwa zimene mnyamatayo ananena ndi Mulungu wake pansi pa galimoto paja.

"Nanga akudziwawa anawauza ndani?" anafunsa mayiwo.

Kuyambira pamenepo anachoka pa benchi lawo la kutsogolo n'kumakhala kumbuyo kwenikweni, pakhomo pamene pamaima ochedwa. Titawafunsa anati ngati mwana wawo ali kutali, iwonso azipempherera kutali, kuti Ambuye azolowere kuyang'ana kumbuyo. Ena munkaseka, ena munkati akulimbana ndi chiphunzitso. Sankalimbana ndi chiphunzitso ayi. Ankangokana kuti wapampando wa komiti ndiye amasunga makiyi a kumoto. Ndipo zaka zonsezo anapitiriza kusita, ngakhale yunifolomu za kwaya yomwe ija, osapsereza ndi imodzi yomwe. Ine ndikanapsereza.

Atakalamba maso anayamba kuchita mdima, zala zinadzaza zipsera za simbi, mpaka mwana wawo wamkazi anawalanda ntchitoyo mokakamiza. Anadwala pang'ono chabe. Anadzozedwa m'mawa wina, anapempha kuti awatsegulire zenera, n'kugona ngati munthu amene wamaliza ntchito yake.

Pamaliro, milomo yomwe ija inali yotsimikizanso. Aliyense ankati awa ndiye alowa kumwamba osagogoda. Komiti inasankha kuti agone pamalo aulemu, pafupi ndi mtanda waukulu pamene pagona ansembe. Koma mwana wawo wamkazi anaimirira n'kunena mosakweza mawu: "Amayi anati tikawaike pambali pa achimwene."

Manda a achimwene akewo ali kumpanda, kumene mumataya maluwa ofota. Choncho parishi yonse inalowera kumeneko, wapampando ali patsogolo, chisoso chikumata mathalauza. Bambo mfumu atawaza madzi odalitsidwa pa bokosi, anatembenuka n'kuwazanso manda akale aja. A kwaya munasowa poima, munaima mozungulira manda onse awiri.

Kumene kuli makaniko uja sindikudziwa, inunso simukudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mayi ake anachita kufa kuti mumuimbire, ndipo munamuimbira.