Ndinagulitsa chitsulo cha m'tchalitchi mwathu

Ine pa nkhani ya zitsulo palibe angandinamize. Pa Dwangwa amandidziwa: ndikangogogoda chitsulo ndi sipanala ndimakuuzani komwe chinachokera, kaya n'cha thirakitala ya kunzimbe kaya n'cha sitima ya pamadzi. Ndinkadzitama choncho, ndipo kudzitamako n'kumene kunandigwetsa.

Kwathu ku Liwaladzi kuli katchalitchi ka njerwa komwe ndinabatizidwira. M'kati mwake munali chitsulo chachitali chopingasa kuchokera khoma lina kukafika lina. Tili ana tinkamangirirapo kanjedza nyengo ya Pasaka ikayandikira, ndipo ulaliki ukatalika tinkangoyang'ana anamzeze akutera pamenepo. Fungo la nyali ya parafini yomwe inkalendewera pachitsulopo ndimalimvabe mpaka lero.

Mpingo utaganiza zokonza denga, ndinapita kwa mkulu wa mpingo, aphunzitsi ena obwera. Ndinachigogoda chitsulocho iwo akuona, n'kupukusa mutu ngati dokotala. Ndinati n'chotsalira cha sitima ya amishoni, dzimbiri lachidya, tsiku lina chidzagwera munthu. Ndinalonjeza malata atsopano m'malo mwake. Anati tidikire akuluakulu, koma ine ndimadyera pakamwa, moti mapeto ake anavomera. Ndinachizula m'kati mwa sabata, anthu ali kumunda.

Popala dzimbiri ndinaona kuti n'cholumikizalumikiza, zidutswa zophwatalala zosulidwira pamodzi. Ndinangoseka kuti kani azungu akale nawonso ankagwira ntchito yachinyengo, n'kuchikweza pa lole ya ogula zitsulo zokasungunula.

Lamulungu lotsatira aphunzitsi aja anandiyamika kutsogolo, ine n'kumagwedeza mutu ngati bwana, osadabwa kuti kumbali ya akuluakulu kuli zii. Potuluka, mayi anga anandikokera pansi pa mtengo wa mango.

"Mwanawe, aja anali makasu," anatero.

Anandiuza kuti pomanga tchalitchicho makoma anayamba kupendekera kunja, chitsulo chogula kunalibe. Banja lililonse linapereka khasu limodzi, makasu a chitsulo chakwathu konkuno, choyenga m'ng'anjo kuchokera ku miyala ya kumapiri, ndipo osula anawalumikiza. Agogo awo a mayi anapereka khasu lokhalo lomwe anali nalo, chaka chimenecho n'kulima ndi lobwereka.

Ndinathamangira kwa mwini lole uja, wokonzeka kulipira mtengo uliwonse, ine wosagula kanthu osanenerera. Anandiseka. Anati pofika pano makasu athuwo ndi mawindo a nyumba ya munthu wina kutauni.

Inu owerenga, chinthu chikakhalitsa pamalo, musachiyeze pa sikelo musanafunse okalamba kuti chinafika bwanji. Khutu langa linkamva kulira kwa chitsulo, koma kufunsa mayi anga omwe, okhala pafupi ndi tchalitchicho, ndinaona ngati kutaya nthawi.

Denga likuwala, inde. Koma mayi akalowa m'tchalitchi amayang'anabe m'mwamba, pomwe palibe kanthu, kenako n'kuyang'ana ine. Tandiuzani inuyo, pa malonda amenewa anapambana ndani?