Pulogalamu yoyatsira maseva anaizimitsa yekha

Inu a kampani ya makompyuta ya m'tauni ija, ndikuseka, koma musayese ndakhululuka.

Anzanga, imvani. Ine ndimaswetsa anapiye. Makina oswetsera mazira ndili nawo ku Namitete, ku Mpingu ndi ku Nsaru. Nthambi iliyonse ili ndi seva, kompyuta yaikulu yomwe m'mimba mwake mumakhala timakompyuta tosaoneka ndi maso: kena ka maoda, kena koyang'anira kutentha kwa mazira n'kundiimbira foni zikavuta.

Akampaniwo anati ndisamavutikenso ndi maulendo. Andiikira pulogalamu imodzi yolamulira maseva onse ndili khale ku Namitete. Ndinavina! Ndinaitana antchito, ndinagula ndi zakumwa zomwe.

Lachisanu masana kunafika katswiri wawo. Suti yakuda, perefyumu mpaka tambala kuyetsemula.

"Mayi, onani," anatero. "Ndikadina apa, ndazimitsa kakompyuta koyeserera kokha."

Anadina. Sikirini yonse bii!

"Achimwene, ndiye chiyani chimenechi?"

"Ikuganiza, mayi."

Ikuganiza! Inaganiza mpaka zakumwa zinafunda. Kenako anavomera monong'ona kuti anasankha zonse. Maseva atatu, onse zii.

Ndinati ayatse ndi pulogalamu yake yomweyo. Munthu thukuta kamukamu. Pulogalamuyo anaiika m'kati mwa seva ya ku Nsaru, yomwe waizimitsa yekha. Kutsekera kiyi m'nyumba, eti!

Ndinaimbira ofesi yawo. Mtsikana wa pafoni anati ndilembe dandaulo pa intaneti, andiyankha Lolemba. Lolemba? Kodi mazira amadziwa wikendi?

Ya ku Namitete tinaiyatsa ndi dzanja. Ya ku Mpingu anayatsa alamu anga. Koma ku Nsaru chipinda cha seva chinali chokhoma, kiyi ali m'chikwama mwanga. Katswiri anati galimoto ya kampani siloledwa msewu wafumbi. Ndinamukweza kabaza wa njinga yamoto, iye pakati, ine kumbuyo nditamugwira kolala. Suti inafika yofiira ngati njerwa.

Tinapeza magetsi atathima. Foni yanga sinalire, chifukwa kakompyuta kondichenjeza kanafera limodzi ndi seva. Ndinagwira dzira limodzi, lafunda pang'ono chabe. Mazira amenewo ndi a amayi a m'magulu a kutchalitchi omwe akudikira anapiye awo. Ndikanawauza chiyani? Kuti kompyuta imaganiza?

Jenereta ndinaliza ndekha, katswiri akundiunikira ndi foni.

Lero m'mawa aswa! Osati onse, thireyi ya pansi yapita, koma nyumba yonse ili piye piye. Ndalira, ndaseka, ndavina ndi tsache.

Ndili m'kati movina, meseji yanu, inu akampani, n'kulowa: ndakhutira bwanji ndi ntchito yanu?

Ndiyankhe pompano. Ndani anakuphunzitsani kuika cholamulira m'kati mwa chinthu chomwe chikulamulidwa? Bwanji pulogalamu yanu sifunsa kawiri isanazimitse bizinesi ya munthu? Bwerani mudzaichotse ku Nsaru, muiike payokha, ndi mazira a thireyi ija mubweretse.

Ndipo mutumize munthu wina. Uyu anandisanzira chitenje panjira.