Chitenge cha azakhali Tisauke

Mdzukulu wanga wanigulira chitenge, ayi mwana uyu! Nangonunkhiza fungo la nsalu yatsopano, mtima uwo, wathawira ku Bundabunda.

Tsiku lina, nili mwana kumeneko, kunabwera bwana wamkulu wa chipani. Azimayi onse anawauza avule zitenge zapamwamba, ayale pansi kuchokera pagalimoto mpaka pampando. Ine kamtsikana ninkati bwanayo ali na zilonda kumapazi, dothi limamuwawa. Ninamumvera chisoni, ine!

Azakhali anga a Tisauke, amene ankasoka pamsika na makina awoawo, anayala nawo. Nsapato ya bwana itangofika pafupi, anawerama, chitenge chawo kwapu! Kuchikung'untha, kuchimanga m'chiuno. Ng'oma zonse zii. Mayo ine, bwana waponda dothi! Ninatseka maso kudikira kuti alire. Sanalire.

Wachipani wina anakuwa, "Imwe amai, malo yanu pamsika muyafuna olo simuyafuna?"

"Niyafuna," anatero azakhali. "Koma ichi nimaberekera mwana. Bwana ali na nsapato."

M'mawa mwake anawathamangitsa pamsika. Anasenza makina pamutu, kukakhala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Azimayi omwe aja oyala zitenge, mmodzimmodzi, nsalu kubisa m'dengu, ulendo kumango! Makina gwedegwede, dzuwa lonse gwedegwede, mpaka atsikana tinaphunzira kusoka pomwepo, na ine ninadyera mmenemo.

Mapazi a bwana anali bwinobwino, mwana wanga. Ofunika chisoni tinali ife oyala.